Kompyuta ikuti usipa uuma pa mphindi 40: vuto lili m'malire

Funso: Ndikumaliza maphunziro a uinjiniya, ndipo pulojekiti yanga ndi chowumitsira usipa cha dzuwa, chonga tenti ya pulasitiki, chimene ndikufuna kukamangira amalume anga omwe amagula usipa ku Msaka, gombe la asodzi ku Mangochi. N'cha mamita 5 m'litali ndi mamita 2 m'lifupi, cholowa makilogalamu 50. Ndachijambula mu COMSOL, pulogalamu ya pakompyuta yoyerekezera kayendedwe ka kutentha ndi mpweya, mnzanga wayesanso mu ina yofanana nayo, ANSYS Fluent. Padenga ndinaika dzuwa la 1000 W/m², pa nsomba ndinaika chinyezi cha 100%, kwina konse ndinasiya mmene kunalili. Mpweya wa mkati ukupitirira madigiri 150, ndipo usipa ukuuma pa mphindi 40. Supavaiza wangolemba kuti ndionenso ma boundary condition, malamulo a m'malire mwa chojambula. Ndiyambire pati?

Yankho: Achemwali, supavaiza wanuyo walemba mawu ochepa koma walasa pomwepo. Musanatsegulenso kompyuta, tengani pepala ndi kakyuleta.

Usipa wauwisi ndi madzi pafupifupi magawo atatu mwa anayi. Pa makilogalamu 50 anuwo, nsomba yeniyeni ndi makilogalamu 12.5 okha. Mukafuna kuti uume mpaka madzi atsale 15%, muphula makilogalamu pafupifupi 14.7, kutanthauza kuti madzi oposa makilogalamu 35 ayenera kuuluka. Kilogalamu imodzi ya madzi imadya mphamvu pafupifupi 2.4 MJ kuti isanduke nthunzi, ndiye onsewo afuna 85 MJ, kapena kuti 23.5 kWh. Tsono dzuwa likakhala paliwombo, kumwamba kuli mbee, limatsitsa mozungulira 900 W pa sikweya mita iliyonse. Pa masikweya mita 10 anu ndi 9 kW. Ngakhale dzuwalo litaima osasuntha, mphamvu yake yonse n'kulowa m'madzi a nsomba popanda yotayika, pangapite maola awiri ndi theka ndi kanthu. Mphindi 40 zanuzo zikusonyeza kuti kompyuta ikuumitsa nsomba ndi mphamvu imene palibe waipereka. Masamu a papepala otere muzichita nthawi zonse musanakhulupirire zithunzi zofiira ndi zobiriwira zimene pulogalamu imatulutsa.

Ma equation amene pulogalamu imawerengera mkati mwa chowumitsira si achilendo ayi. Lamulo la Fourier la kayendedwe ka kutentha linalembedwa mu 1822, la Fick la kufalikira kwa chinyezi mu 1855, ndipo onsewa amagwira ntchito chimodzimodzi ku Msaka ndi ku Oslo. Chimene chimachititsa kuti chowumitsira chanu chikhale cha m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi ndi zimene mwalemba m'malire: padenga, m'makoma, pansi, polowera ndi potulukira mpweya, ndi pakhungu la nsomba. Boundary condition iliyonse ndi chiganizo chonena zimene dziko lakunja likuchita pa malo amenewo. Pulogalamu sidziwa mwera, sidziwa mchenga, sidziwa kuti nyanja ili pafupi. Imangomva zimene mwaiuza.

Pamene mwalemba kuti "kwina konse ndinasiya mmene kunalili" ndi pamene pagona nkhani. Malire amene simunawakhudze sakhala opanda lamulo. COMSOL imawapatsa yokha Thermal Insulation pa nkhani ya kutentha ndi No Flux pa nkhani ya chinyezi. Fluent nayo imaika heat flux, kuchuluka kwa kutentha kodutsa, ya 0 pa khoma lililonse. Ndiye kuti pepala la pulasitiki lopyapyala lija mwaliuza kuti lisatulutse kutentha ngakhale pang'ono. Mwamanga fulasiki ya tiyi ya mamita 5, n'kuthiramo 10 kW. Khomo lokhalo lotulukira kutenthako ndi mpweya wa pachumuni, ndipo mpweya umanyamula 1005 J yokha pa kilogalamu pa digiri iliyonse. Ukhala bwanji osafika 150? Pa chifukwa chimenechi ine ndimakonda kuti ophunzira ayambe alawako OpenFOAM, pulogalamu ina ya ntchito yomweyi, ngakhale ndi yowawa kuiphunzira: mu foda ya 0 muyenera kulemba lamulo la mbali iliyonse ndi dzanja lanu, mukaiwala imodzi imakana kuyenda.

Malamulo a m'malire alipo a mitundu itatu, ndipo mayina ake ndi a akatswiri a masamu a zaka za m'ma 1800. Wa Dirichlet ndi pamene mukunena mlingo weniweniwo: khoma ili ndi la madigiri 40, basi. Mu COMSOL ndi Temperature, mu OpenFOAM ndi fixedValue. Ndi wosavuta, n'chifukwa chake ophunzira amauthamangira, koma ndi woopsa, pakuti mukauika mwalonjeza kuti khomalo lipereka kapena kumeza kutentha kochuluka mulimonse kuti nambalayo isasinthe. Lonjezo lotere limakwaniritsidwa malo ochepa. Mpweya wolowa umene mwauyeza ndi themomita ndi amodzi. Ena ndi madzi owira a m'chidebe chofutsira usipa, amene sakwera kupitirira pamene awirira. Ndipo ku Mangochi, poti nyanja ili pamtunda wa mamita pafupifupi 474 kuchokera pa nyanja yamchere, madzi opanda mchere amawira pa madigiri 98 ndi kanthu, osati 100.

Wa Neumann ndi pamene mukunena kuchuluka kwa kutentha kodutsa, osati mlingo wa khoma. Dzuwa logwera pa chinthu ndi lotere, hitala ya magetsi ndi yotere, ndipo ziro wa insulation uja ndi wa mtundu womwewu. Ziroyo ali ndi malo ake oyenera: pakhoma lokutidwa bwino, kapena pamzere wodula chojambula pakati ngati mbali ziwiri zikufanana ndendende. Koma chenjerani ndi symmetry pa chowumitsira cha dzuwa, chifukwa m'mawa dzuwa limawomba mbali imodzi, madzulo ina, ndipo mphepo siwomba mbali zonse nthawi imodzi.

Wachitatu, wa Robin, ndiwo wa pafupifupi khoma lililonse la chowumitsira chanu. Umati kutentha kotuluka kumadalira kusiyana kwa khoma ndi mpweya wakunja: q = h(T ya khoma − T ya kunja), pamene q ndi kutentha kotulukako ndipo h ndi nambala yosonyeza mmene mpweya ukuchotsera kutentha pakhoma. Khoma likatentha kwambiri limatayanso kwambiri, n'chifukwa chake zinthu zenizeni sizitentha mpaka kalekale. Mu COMSOL muupeza pa Heat Flux mukasankha convective heat flux. Mu Fluent ndi Convection, kapena Mixed mukafuna kuphatikizapo radiation, kutentha kumene chinthu chimataya mowalitsa. Mu OpenFOAM muli externalWallHeatFluxTemperature.

Kalemba kakang'ono ka h ndi kamene kamavutitsa. Si nambala ya m'buku ngati k, yoyeza mmene kutentha kumadutsira m'chitsulo. Imasintha ndi mphepo, ndi kukula kwa khoma, ndi mmene lapendekera. Mpweya ukakhala bata imakhala pakati pa 2 ndi 25 W/m²K, kawirikawiri kumunsi kwa manambala amenewa. Akatswiri a zipangizo za dzuwa amagwiritsa ntchito fomula ya McAdams, h = 5.7 + 3.8v, pamene v ndi liwiro la mphepo m'mamita pa sekondi. Ena amakonda ya Watmuff ndi anzake ya 1977, h = 2.8 + 3.0v, poganiza kuti ya McAdams inameza kale gawo la radiation. Ngati radiation mukuiwerengera payokha, monga ndikulangizani m'munsimu, yachiwiriyi ndiyo yosawerengera kawiri. Onani kusiyana kwake pa nyengo zathu: tsiku la bata la mu Okutobala, mphepo ya mita imodzi pa sekondi, McAdams akupatsani 9.5, tsiku la mwera mu Julaye, mamita 5 pa sekondi, akupatsani pafupifupi 25. Chowumitsira chomwecho, pulasitiki yomweyo, koma kutaya kutentha kwawirikiza kuposa kawiri. Choncho musafunefune h imodzi yolondola. Yendetsani chojambula chanu ndi yaing'ono, kenako ndi yaikulu, muone ngati yankho likusintha kwambiri. Likasintha, mwadziwa chimene muyenera kukayeza kunyanja.

Pali kulakwitsa kumodzi kumene ndimakuona kawirikawiri. Nambala ya h ndi ya mbali imene mpweya wake simunaujambule, kunja kwa tenti. Mkati, kumene pulogalamu ikuwerengera yokha kayendedwe ka mpweya, musaikenso h. Imaipeza yokha, malinga mesh, timagawo timene pulogalamu imaduliramo chojambula, ikhale ya timagawo tating'ono mokwanira pafupi ndi khoma. Mukaika, mwalipiritsa khoma kawiri.

Tibwere ku dzuwa. Mwaliika pa pulasitiki, koma pulasitiki yoonekera mkati imalola kuwala kochuluka kudutsa. Iyo imangomwa pang'ono. Dzuwa limakasanduka kutentha pamene lagwera: pansi, pa pepala lakuda ngati mwayala, pa thandala ndi pa usipa weniweniwo. Mpweya umatenthedwa kuchokera pansi, n'kukwera. Mukaika kutentha padenga mwatembenuza chinthu chonse, mpweya wotentha ukhala kumwamba osafuna kutsika, ndipo kayendedwe kamene pulogalamu ikuonetseni sikadzaoneka ku Msaka.

Yesani masamu awa pa lata lopaka penti yakuda lili padzuwa. Limamwa pafupifupi 90% ya 900 W/m², ndiye 810. Mukati h ndi 5 ndipo radiation mwaiiwala, latalo likwera madigiri 162 pamwamba pa mpweya. Tsopano ikani kamphepo kopereka h ya 15, muwonjezere radiation imene pa kutentha kotere imakhala ngati h ina ya pafupifupi 7. Gawani 810 ndi 22: madigiri 37 okha. Mpweya ukakhala 32, lata lili pa 69, ndipo aliyense amene anagwirapo lata masana a Okutobala ku Monkey Bay avomereza kuti nambala imeneyi ndi ya dziko lino. Radiation si chokongoletsera chimene mungasiye. Fomula yake ndi εσ(T⁴ − T⁴ ya kumene mukuwalira), σ ndi 5.67 × 10⁻⁸ W/m²K⁴, ndipo T iyenera kukhala mu Kelvin. Mukalemba fomula yanuyanu m'pulogalamu n'kuikamo 32 m'malo mwa 305, radiation ingozimirira popanda chenjezo. Nayo ε, yosonyeza mmene chinthu chimawalitsira kutentha, imasiyana kwambiri: lata latsopano lonyezimira lili cha m'ma 0.2 mpaka 0.3, penti yakuda imapitirira 0.9.

Denga silimawalira mpweya woyandikana nalo, limawalira thambo, ndipo thambo lopanda mitambo ndi lozizira kuposa mpweya. Fomula ya Swinbank ya 1963, T ya thambo = 0.0552 × T^1.5 (T ya mpweya, zonse mu Kelvin), imapereka madigiri pafupifupi 21 pamene mpweya uli 32. Kukakhala mitambo kusiyanako kumachepa. Mu Fluent nambala imeneyi ndi ya pa External Radiation Temperature. Mu COMSOL muiika pa Surface-to-Ambient Radiation. Dziwaninso kuti polyethylene wamba si galasi: galasi limatsekereza kutentha kumene nthaka yotentha imawalitsa, pamene polyethylene imalola gawo lalikulu kuthawa. Amene amakopera manambala a greenhouse yagalasi ya ku Ulaya amapeza tenti yotentha kuposa yeniyeni.

Ngati mugwiritsa ntchito Solar Load ya mu Fluent kapena malo a dzuwa a mu COMSOL, lembani za Mangochi: latitude pafupifupi −14.5, longitude 35.3, nthawi GMT+2. Kachizindikiro ka minus kameneko kakasowa, chowumitsira chanu chasamukira kumpoto kwa equator. Uzaninso pulogalamu kumene kuli kumpoto pa chojambula chanu. Kuno dzuwa limadutsa pamutu penipeni kuchiyambi kwa Novembala komanso cha pa 10 Febuluwale, pamene mu Juni masana limapendekera kumpoto, pa madigiri 52 okha kuchokera pansi. Khoma loyang'ana kumpoto limene mu Novembala silipeza dzuwa la masana, mu Juni limalandira lambiri. Ndipo 1000 W/m² yosasintha ichotseni. Ikani tebulo la ola ndi ola. Manambala a dzuwa, mphepo ndi chinyezi mungawatenge kwaulere ku NASA POWER polemba malo, kapena kupempha ku nthambi ya boma yoona zanyengo. Koma a setilaiti ndi a dera lalikulu, sadziwa kuti tenti yanu yabisala kuseri kwa phiri kapena ili pamtetete pagombe.

Pansi sipovuta kwambiri, komanso si insulation. Mchenga kapena simenti imamwa kutentha m'mawa n'kukubweza madzulo. Jambulani nthaka yakuya mita imodzi pansi pa tenti, kumunsi kwake muike Dirichlet ya kutentha kwapakatikati kwa nyengoyo. Kusintha kwa usana ndi usiku kumakhala kutatheratu mukatsika theka la mita, ndiye kumeneko lonjezo la Dirichlet ndi loona.

Polowera ndi potulukira mpweya pamafunika kudekha. Ngati muli ndi fani ya sola imene mukudziwa mpweya umene imakankha, velocity inlet ndi yoyenera. Ngati mulibe fani, musaike liwiro, chifukwa liwirolo ndi limene mukufuna kuti pulogalamu ikuuzeni. Mukalilemba nokha mwadziyankha nokha. Ikani pressure mbali zonse ziwiri, kapena Open Boundary mu COMSOL, yatsani gravity, ndipo mu Fluent muonetsetse kuti operating density ndi ya mpweya wakunja. Mphamvu yokoka mpweya m'tenti yotere ndi yochepa modabwitsa. Kutalika kwa mamita 2 ndi kusiyana kwa madigiri 15 kumapereka pafupifupi 1 Pa yokha, pamene mphepo ya mamita 4 pa sekondi ikagunda khoma imafika pafupi ndi 9 Pa. Mwera ukauka, ndiwo ukulamula mpweya wa m'tenti yanu, osati chumuni, ndipo mbali imene polowera payang'ana ingathe kuthandiza kapena kubweza mpweya m'mbuyo. Mukafuna kuona zimenezi, jambulani bokosi lalikulu la mpweya kuzungulira tenti yonse, malire muwakankhire kutali kumene mukudziwa zimene zikuchitika. Nzeru yake ndi imeneyi pa ntchito yonseyi: mzere wa malire muudule pamene mungathe kuyeza, osati pamene chojambula chathera.

Tinthu titatu tating'ono tisakupulumukeni. Fluent ili ndi backflow temperature potulukira, imene imangokhala pa 300 K mukapanda kuisintha, ndipo mpweya ukabwerera mkati umalowa ndi kutentha kumeneko ndi chinyezi chimene mwalemba pamenepo. Pressure ya mpweya ku Mangochi ili cha m'ma 96 kPa, osati 101.325 kPa imene mapulogalamu amayambira, choncho mpweya wathu ndi wopepukirako ndi pafupifupi 5%. Ndipo sefa yotchinga ntchentche imene muike pamazenera imabweza mpweya kwambiri; pa 1 Pa yanu ija, sefa yodzaza fumbi ndi mamba ingadye gawo lalikulu. Mu Fluent muiike ngati porous jump.

Chinyezi cha mpweya wolowa simunachitchule m'funso lanu, ndipo ndikukayikira kuti chinatsala pa ziro. Mpweya wouma chotero kulibe m'mphepete mwa nyanja. Tiyerekeze kuti mwayeza madigiri 30 ndi chinyezi cha 60%. Pa madigiri 30 mpweya umakhuta nthunzi pa 4.25 kPa, ndiye 60% yake ndi 2.55 kPa, kapena kuti magalamu pafupifupi 17 a madzi pa kilogalamu ya mpweya. Fluent imafuna mass fraction, gawo la kulemera kwa mpweya limene ndi nthunzi, ndiye mulemba cha m'ma 0.017, osati 0.6. Mpweya womwewo ukatenthedwa kufika 45, kumene umakhuta pa 9.6 kPa, chinyezi chake chimatsika kufika 27% popanda dontho limodzi lochotsedwa. Ntchito yonse ya tenti ndi imeneyi. Nthunzi yotuluka mu nsomba ikapanda kutulutsidwa kunja, 27% ija imakweranso ndipo nsomba imangophikika mu thukuta lake.

Tsono pakhungu la usipa, pamene pali mtima wa pulojekiti yanu. Pamenepa malamulo awiri, la chinyezi ndi la kutentha, ndi omangana ndipo sangalekanitsidwe. Madzi otuluka amawerengedwa mwa mtundu wa Robin: hm, imene ili ngati h koma ya chinyezi, kuchulukitsa ndi kusiyana kwa nthunzi ya pakhungu ndi ya mu mpweya. Ndipo kilogalamu iliyonse yotuluka iyenera kuchotsa 2.4 MJ pakhungu pomwepo. Mzere wachiwiriwu ndi umene ukusowa m'chojambula chanu. Popanda iwo nsomba imatentha limodzi ndi mpweya, nthunzi ya pakhungu imakwera mofulumira kwambiri, kuchokera 4.25 kPa pa madigiri 30 kufika 12.3 kPa pa 50, ndipo madzi amathawa mwaulere. Mukauika, muona chinthu chimene amayi oyanika usipa amachidziwa ndi manja: usipa wauwisi umakhala wozizira pougwira ngakhale mpweya ukutentha. Mu mpweya wa madigiri 45 ndi 27% uja, nsomba yonyowa imene ili pamthunzi imakhala cha m'ma 27 mpaka 28, ndipo imayamba kutentha madzi a pakhungu akachepa. COMSOL ili ndi Wet Surface ndi Moist Surface mu Moisture Transport in Air, pamodzi ndi cholumikizira cha Heat and Moisture chimene chimawerengera latent heat, 2.4 MJ ija. Onetsetsani kuti n'choyatsa. Mu Fluent kawirikawiri mumalemba UDF, kapulogalamu kanukanu, kapena expression yochotsa kutenthako.

Nambala ya hm musaipeke. Kutentha ndi nthunzi zimadutsa m'kagawo kamodzi komweko ka mpweya wokhudza khungu, ndiye pa madzi ndi mpweya hm imayandikira h kugawa ndi ρ × cp (ρ ndi kulemera kwa kiyubiki mita ya mpweya, cp ndi 1005 J ija). Ndi h ya 10, ndipo ρ × cp ili pafupifupi 1100, mupeza 0.009 m/s. Mukapeza kuti mwaika h ya 10 ndi hm ya 0.5, dziwani kuti ziwirizi sizikukamba za mpweya umodzi.

Chinyezi cha 100% pakhungu ndi choona pa chiyambi pokha. Khungu likayamba kuuma, madzi otsala amagwiridwa ndi mnofu, ndipo nthunzi ya pakhungu iyenera kuchulukitsidwa ndi water activity, nambala yosonyeza mmene madzi a mu nsomba aliri omasuka, imene imatsika kuchokera pafupi ndi 1 pamene nsomba ikuuma. Kuti mudziwe mmene ikutsikira pamafunika sorption isotherm ya nsomba, mzere wolumikiza madzi otsala ndi water activity, imene ambiri amailemba ndi fomula ya GAB. Ngati simupeza ya usipa, tengani ya nsomba ina yaing'ono yofanana nayo mafuta, ndipo mulembe poyera mu lipoti kuti mwabwereka. Nambala imeneyi ndi imenenso amalume anu ali nayo ntchito ngakhale saitchula dzina: mabakiteriya ambiri amaleka kuswana ikatsika pansi pa 0.9, chuku chimapirira mpaka cha m'ma 0.7, ndipo pansi pa 0.6 palibe chomera. Usipa wopakiridwa m'thumba usanafike pabwino ndi umene umakafika ku Limbe utachita chuku.

M'gawo lachiwirili, khungu litayamba kuuma, wolamula salinso mpweya koma kuyenda kwa madzi kuchokera mkati mwa mnofu, kumene ndi kochedwa zedi. Pa zakudya zambiri diffusivity yake, nambala yoyeza kufalikira kwa madziwo, imakhala pakati pa 10⁻¹¹ ndi 10⁻⁹ m²/s, pamene ya nthunzi mu mpweya ili cha m'ma 2.6 × 10⁻⁵. Kuwonjezera mphepo pamenepa sikuthandiza kwenikweni, ndipo kutentha kopitirira kumangoumitsa kunja mkati muli madzi. Pa nkhani ya kutentha usipa ndi wosavuta: ndi woonda, Biot number yake, yoyerekeza kuvuta kwa kutentha kuyenda mkati ndi pakhungu, imagwa pansi pa 0.1, ndiye mungautenge kuti ndi wotentha mofanana mkati ndi kunja. Pa nkhani ya madzi simungatero. Chambo chong'amba ndi nkhani ina, pamenepo ngakhale kutentha kwa mkati kumafuna kuwerengedwa.

Musajambule nsomba imodziimodzi. Laputopu yanu ingafe musanamalize thandala limodzi. Tengani usipa woyanikawo ngati chigawo chimodzi chopyapyala, kaya porous medium kaya malo athyathyathya otulutsa nthunzi. Koma funsani kuti wayanikidwa pa chiyani. Pa ukonde umauma pamwamba ndi pansi pomwe, ndiye malire ndi awiri. Pa mphasa kapena pa pepala, kunsi kuli pafupi ndi No Flux mpaka wina atautembenuza. Kuunjika kumachepetsanso khungu lokumana ndi mpweya, ndipo tsiku limene usipa wafa wambiri palibe amene amayala mopyapyala monga mwa chojambula cha wophunzira. Nayo pulasitiki ya No Flux imabisa vuto lina: usiku ndi m'bandakucha denga limazizira, nthunzi imasanduka madontho n'kugwera pa nsomba. Yerekezani kutentha kwa pulasitiki ndi dew point ya mpweya wa mkati, madigiri amene nthunzi imayambira kusanduka madontho, ngati usipa uzigona m'tentimo.

Zonsezi zikutanthauza kuti steady state, yotenga zonse ngati zosasintha ndi nthawi, sikukwanirani. Pamafunika transient, yotsata kusintha kwa nthawi, ndipo transient imafuna poyambira. COMSOL imayambira pa 293.15 K, amene ndi madigiri 20. Usipa umaphedwa usiku ndi nyali, umafika pagombe m'mawa, ndiye yambirani pa ola limene umayalidwa, ndi kutentha kwa m'mawawo ndi madzi amene mwayeza. Wofutsa umayamba mosiyana ndi wauwisi, ndipo ngati munathira mchere isotherm yake ndi ina.

Mukakonza, musathamangire 3D, kuthamanga sikufika. Yambani ndi chodula cha 2D chopanda nsomba, muone ngati mpweya ukukwera madigiri omveka pamwamba pa wakunja. Kenako tsegulani Reports ndi Fluxes mu Fluent, kapena muchite integration pa malire onse mu COMSOL, muwerenge kuti kutentha kolowa ndi kotuluka kukufanana, mpweya wolowa ndi wotuluka chimodzimodzi, kusiyana kusafike 1%. Ma residual, manambala osonyeza zotsalira za masamu, akatsika sindiye kuti yankho ndi loona; amangonena kuti kompyuta yamaliza masamu amene munaipatsa. Nsomba muiwonjezere pomaliza, ndipo madzi onse otuluka muwachulukitse ndi 2.4 MJ muone ngati mphamvuyo ikupezeka m'kaundula wanu.

Kenako pitani ku Msaka. Simufuna zipangizo zodula: masensa a DHT22 oyeza kutentha ndi chinyezi pa kakompyuta ka Arduino, kapena mathemomita atatu, imodzi kunja pamthunzi, ina pa thandala, ina potulukira, ndi sikelo ya kukhitchini. Sensa iliyonse muitchinge ku dzuwa, apo ayi muyeza kutentha kwa sensayo osati kwa mpweya. Patulani kilogalamu imodzi ya usipa pa kathireyi ka ukonde, muziyeza kulemera kwake ola lililonse, ndipo mulembe mphepo ndi mitambo. Mzere wa kulemerako ndi umene chojambula chanu chiyenera kutsata. Mukasintha h kapena diffusivity kuti zigwirizane ndi tsiku loyamba, palibe cholakwa, koma tsikulo lisakhalenso umboni wanu; umboni ndi tsiku lina la nyengo ina, manambala osawakhudzanso. A zausodzi ku Monkey Bay ndi a ku koleji ya zausodzi ku Mpwepwe ali pafupi, kawafunseni za matenti a dzuwa amene anayesedwapo kale m'magombe athu, ndipo amayi a pa mathandala akuuzani maola amene usipa umatenga mu Julaye ndi mu Okutobala.

Popita kwa supavaiza, nyamulani tsamba limodzi lokhala ndi tebulo: mzere uliwonse malire amodzi, denga, khoma lililonse, pansi, polowera, potulukira, pamwamba ndi pansi pa usipa. Pambali pake mulembe lamulo la kutentha, la chinyezi ndi la mpweya, nambala imene mwaika, ndi kumene mwaitenga, kaya mwayeza, mwawerengera kapena mwabwereka. Malire amene mwawasiya pa insulation kapena No Flux alowenso m'tebulomo, aliwonse ndi chifukwa chake.